Nshawa Zomwe Ndinapita Kukagula

Zaka zija ndisanakwatire, ndikulemba makalata pa ofesi ina m'tauni, kanema tinkamutcha bayosikopo, ndipo sankabwera m'thumba ngati wa pa mafoni anuwa. Tinkachita kumuvalira jekete. Kunalinso mwambo wake: wopita ku bayosikopo akabwerera ankafotokozera otsala kunyumba nkhani yonse mpaka pothera.

Inetu panthawiyo ndinkafuna mbuya wanuyu, Esinati, amene mukumumva akutsuka mapoto uko. Ankakhala ku Kabwata kwa mlongo wake wamkulu, ba Lameki, munthu wosaseka, amene ananena poyera kuti mlongo wake sadzakwatiwa ndi kalaliki wa manja ofewa. Choncho ndinkadzitama kwambiri. Ndinkati kwathu ku Katete ndinathamangitsapo fisi ndi chibonga, koma kunena zoona fisiyo ndinangomumva kulira, ndili m'nyumba, chitseko chopiringidza.

Loweruka lina masana ba Lameki anandilola kupita naye ku bayosikopo. Filimuyo inali ya mwala wogwa kumwamba, umene asayansi anautengera m'nyumba yawo yopimira zinthu, osadziwa kuti m'kati muli chamoyo chimene chimamwa magetsi. Chikayandikira, mababu ankayamba kuphethira. Lero chikadabwera kuno ku Chelstone chikadafa ndi njala sabata yomweyo, mmene magetsi akuzimiramu, koma tsiku lija sindinaseke. Pakati pa filimu mababu anaphethira, ndipo chinthu chinapuma kuseri kwa chitseko. Ndinachita mantha, ana inu, mantha enieni. Ndinanong'oneza Esinati kuti, "Ndikakugulire nshawa," ndipo ndinatuluka mwaulemu, n'kukaima panja pafupi ndi mayi wogulitsa nshawa, mtedza wokazinga uja, mpaka anthu anayamba kutuluka. Ndinalowerera m'khamumo n'kumuuza kuti ndinaonera chakumbuyo, nditaimirira, poopa kuponda anthu.

Titafika ku Kabwata, ba Lameki anali pakhonde ndi anzawo awiri.

"Iwe kalaliki, tiuze. Chinasila bwanji?"

Mukudziwa kuti ndikadati sindinaone mathero, ukwati ukadathera pakhonde pomwepo. Ndinatsokomola, ndipo ndinapeka. Ndinati wasayansi wamkulu anavula malaya, anatola nkhwangwa, anatema chamoyocho pakati pa maso, kenaka anakwatira nesi wa m'filimumo. Ndinaonetsa ndi katemedwe kake. Ba Lameki anamenya ntchafu nati, "Ndiye mwamuna uyo!" Esinati anangoyang'ana pansi, ine n'kumati ndi manyazi a chinamwali.

Amati bodza lilibe mwendo, koma langali linayenda zaka zoposa makumi anayi, ndipo linkanenepa m'njira. Ndinafotokozera ana anga, ndinafotokozera azibambo a kumpingo, nkhwangwa ija n'kumakulirakulira, mpaka penapake ndinawonjezerapo galu. Ndinafika poiona ndithu nkhwangwayo m'maso mwangamu.

Ndiye mwezi wathawu mdzukulu wathu Mapalo, uja amaphunzira za makompyuta, anabwera kuchokera ku Woodlands Lamlungu masana, nkhope ili mwee.

"Ambuya, naipeza filimu yanu ija! Bantu bakali kuitamba mpaka manje. Tiyeni tione nkhwangwa."

Ndinati maso akundivuta. Ndinati ndi Sabata la Ambuye. Ndinapemphera chamumtima kuti magetsi azime, koma tsiku limenelo, mwa masiku onse, anayaka ngati pa ukwati.

Poyamba adzukulu ankaseka zovala ndi makina akale aja. Mafilimu anu a lero amakuonetsani chilombo chonse, mano ndi malovu omwe, mpaka mumachizolowera, koma iyi imangokupatsani babu lophethira ndi mpweya kuseri kwa chitseko, zotsalazo mumadziopseza nokha. Posakhalitsa m'nyumba munali zii, ndipo Mapalo anakweza miyendo pampando. Kenaka filimu inafika pamalo paja. Ndinati ndidzuke, koma dzanja la mbuya wanu linagwira malaya anga.

"Khalani pansi, atate ake Joyce. Nshawa zilimo m'kabati."

Ndinakhala, ndipo ndinaona mathero koyamba m'moyo wanga. Munalibe nkhwangwa. Munalibe galu. Wasayansi wanga wolimba mtima uja ndiye anayamba kuthawa, n'kutsekera anzake m'kati, ndipo chinamupeza pa makwerero. Nesi ndiye anatsala yekha, nazima magetsi a tauni yonse, n'kukhala mumdima kudikira kuti chife ndi njala.

Adzukulu onse anatembenukira kwa ine. Mapalo anafunsa kuti, "Nanga nkhwangwa, ambuya?"

Ndinayamba kunena kuti mwina azungu anaidula, koma Esinati anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje.

"Mbuya wanu anathawa," anatero. "Anapita kukagula nshawa, anabwera manja lendelende. Ine ndinaonera ndekha mpaka pothera."

Ndinamufunsa, manyazi atandigwira, chifukwa chake sanandiulule pakhonde paja.

"Ba Lameki akadakuthamangitsani," anayankha. "Ine amuna osaopa kanthu ndinakula nawo, ndipo ndinkadziwa mmene manja awo amawawira. Ndinkafuna wamantha."

Ndiye ana inu, mukapeza munthu amene waona pamene mumathawira koma osakuchotsani ulemu pa anthu, musadikire kuti mdzukulu abwere ndi foni. Muuzeni zoona nokha, adakali pafupi. Ine m'mawa mwake ndinavala jekete, ndinakwera minibasi mpaka m'tauni, ndinagula nshawa zokazinga pafupi ndi pomwe panali bayosikopo paja, pamene lero pali tchalitchi. Ndinabwera nazo, ndinagwada ndi bondo limodzi lomwe limalolabe, n'kumupatsa. Anazilandira ndi manja awiri, anaziyang'ana, nati, "Mwachedwa nazo. Mano anatha."