Mphepo ya ku Michesi Imene Inandichedwetsa

Mboni zanga ndi zitatu: achemwali anga, mnzanga wa benchi imodzi, ndi mtengo wa mango wa pasukulupo. Awiriwo anatisiya, koma mtengowo ulipo, mukhoza kukaufunsa.

M'zaka za m'ma 1950 ndinkaphunzira pasukulu ya mishoni m'munsi mwa phiri la Michesi, ndipo ndinkachedwa tsiku lililonse. Bambo anali atanena kuti akangomvanso dandaulo, ndisiya sukulu n'kukathyola tiyi ku Mulanje.

Tsiku lina aphunzitsi anandiimika pakhomo, ndodo ili m'manja.

"Lero chakuchedwetsa n'chiyani?"

"Mphepo, aphunzitsi. Yandinyamula katatu n'kukanditula pakhonde kwathu."

Anaika ndodo pansi. Sanandipatse sileti, poti zapasileti tinkafufuta ndi malovu. Anandipatsa kope, loyamba m'moyo wanga.

"Lemba zonse. Usaiwale nkhuku zimene unakumana nazo m'mwambamo."

Nkhukuzo zinalipo zinayi, ina ikufungatira mazira. Ndinadzaza masamba asanu, mtima uli mbee, poti aka kanali koyamba munthu wamkulu kufuna kumva zonse.

Tsiku lotsekera sukulu aphunzitsi anandiuza kuti ndiwerenge nkhaniyo pamaso pa makolo. Mawondo anga ankagundana mpaka ana aang'ono anatuluka, kuyesa ndi belu. Nditamaliza, bambo anga anaimirira osamwetulira. Ndinati basi, tiyi uja wandipeza.

"Mphepo imeneyo ndikuidziwa," anatero. "Ndi yomwe imandichedwetsa pochokera kumowa. Mwanayu apitirize sukulu."

Aphunzitsi aja ndimawathokoza mpaka lero. Kopelo ndikanakutumizirani, koma linapita ndi mphepo yomweyo.