Ambulera ya Wapolisi wa pa TV

Kamvula kakuwaza, mayi wina anathawira pa siteji ya basi. Pabenchi panali bambo ena okalamba, ambulera yopinda ili pamiyendo, maso ali kumsewu.

"Bambo, mukunyowatu. Ambulerayo osatsegula bwanji?"

"Ndi ya mwana wanga wamkazi iyi. Mumamudziwa, ankasewera ngati wapolisi m'mafilimu a pa TV, wothamangitsa zigawenga uja."

"Wa jekete lakuda uja? Koma bambo, si uja anatisiya chaka chatha?"

"Amatero anthu. Komatu kufa anayamba kale ameneyo. Tsiku loyamba kumuwombera pa TV, mayi ake anakomoka, aneba n'kudzaza nyumba akulira. Madzulo ake tinangoona akutsika basi pompano, magazi a penti ali pabulauzi, akuti, 'Ababa, kwagwanji?'"

"Ha! Simunamukalipire?"

"Ndinamuchapira bulauziyo ndekha. Kuyambira pamenepo, akafa ndinkangobwera kudzamuchingamira."

"Nanga ulendo uno?"

"Ulendo uno anamuveka zoyera, zopanda penti. Ndinayang'anayang'ana makamera, osawaona. Kaya anawabisa pati."

"Basi ija yafika, bambo. Tiyeni ndikukwezeni."

"Kwerani, mayi. Ine ndikudikira otsika."