Mlandu wa Nyimbo ya a Nambewe

M'zaka zija makaseti anali atangofika kumene m'masitolo a pa Kamwendo, pa tchalitchi chathu chino panagwa mlandu wa anthu awiri. Wodandaula anali Bambo Aloisio Zulu, mphunzitsi wa kwaya, amene ankatsogolera nyimbo pano kuyambira denga lili la udzu. Woimbidwa mlandu anali Mayi Felesiya Mbewe, amene tonse tinkawaitana kuti a Nambewe, mayi wamasiye wolima mtedza, woimba alito m'kwaya yomweyo. Woweruza ndinali ine, monga wapampando wa bungwe la tchalitchi.

Iwe wa malaya ofiira, foniyo ilowe m'thumba. Inu ana a kwaya, mwabwera nokha kudzandipempha kuti ndipite kwa bambo mfumu kukaneneza kwaya ina ya cha ku Mkanda kuti yaba nyimbo yanu. Sindipita. Munditche nkhalamba youma mutu ngati mukufuna, koma khalani pa mabenchiwo mumve chifukwa chake.

Masiku amenewo nyimbo sinkauluka ngati lero, kuti wina waimba m'mawa, masana yafika kale ku Chipata. Inkayenda ndi munthu, wapansi kapena wa pa njinga, ndipo wofuna kuiphunzira ankaima kumbuyo kwa mwini wake mpaka imulowe m'mafupa. A Zulu anali ndi nyimbo yawo ya zopereka imene tinkaimba chaka ndi chaka pa Misa ya masika, pamene akhristu amapita ku guwa atasenza malichero a mtedza ndi madengu a chimanga, ena atapanira nkhuku m'khwapa. Inali nyimbo yolongosoka. Wotsogolera ankamaliza mzere wake, kenako mawu onse anayi n'kulowa pamodzi ngati asilikali pa perete, ndipo ine ndinkaikonda chifukwa chisokonezo sindimwera nacho madzi.

Chaka china a Nambewe anapeka nyimbo yawo ya zopereka akusenda mtedza pakhonde, n'kuphunzitsa amayi a mphakati wawo. Amayi anaikonda, anayamba kuiimba ku chigayo ndi ku mjigo, mpaka anapempha kuti iimbidwe pa masika. Koma kayambidwe kake kanali ka nyimbo ya a Zulu, kosasintha ngakhale pang'ono, ndipo aliyense wa makutu ankamva zimenezo.

A Zulu anafika kwanga thukuta lili kamukamu, njinga anangoiponya pansi.

"A Tcheya, ndaberedwa dzuwa likuswa mtengo."

"Chabedwa n'chiyani? Mbuzi?"

"Musaseke, inu. Mwana amene ndinamutola asakudziwa ndi kutsegula pakamwa komwe, lero akuyenda ndi nyimbo yanga ataiveka chitenje."

Zimene ankafuna zinali zakuti nyimboyo iletsedwe, a Nambewe achotsedwe m'kwaya, ndipo zilengezedwe pa guwa kuti anaba. Inu ana a masiku ano mukachotsedwa m'kwaya ina mumakayambitsa ina mawa lake, koma kwa mayi wamasiye nthawi imeneyo kwaya ndiye anali abale. Amayi a kwaya ndi amene ankamuthandiza kukumba mtedza, ndi amene anagona naye pa maliro a mwamuna wake. Ndipo dzina la wakuba likalengezedwa m'tchalitchi, ana ake omwe amayenda nalo mpaka ku sukulu.

Amuna a m'bungwe anabwera kudzandinyengerera, akutsogoleredwa ndi Bambo Jere, mlamu wawo wa a Zulu.

"A Tcheya, inu ndi a Zulu munaphunzira limodzi ku Ludzi, munkadyera m'mbale imodzi. Muchititse manyazi mnzanu chifukwa cha mzimayi? Tiyeni tingomaliza nkhaniyi patokha, iye akangouzidwa."

Ndinawayankha kuti ku mishoni sanandiphunzitse kuweruza munthu iye palibe. A Jere anati mpando umene ndakhalawo anandipatsa ndi iwo, ndipo akhoza kuutenga. Ine ndinati, "Tengani, si wa amayi anga. Koma malinga ndili pamenepa, mlandu umveka poyera, wodandaula uku, woyankha uku."

Tinakumana Lamulungu itatha Misa, muno momwemuno, kwaya yonse ilipo ndi akhristu ambiri amene anasiya mapoto kunyumba pofuna kumva. A Nambewe anagwada kutsogoloku, pamene pali kiyibodi yanupo.

"A Nambewe, kayambidwe ka nyimbo yanu munakatenga kuti?"

"Kwa aphunzitsi anga akhala apowo," anayankha osazengereza. "Ndikanakatenga kutinso? Zaka zonsezi ndaimba kumbuyo kwawo. Ndikatsegula pakamwa amayamba kutuluka ndi iwowo, ine ndimatuluka pambuyo."

A Jere analumpha. "Wavomera! Chatsalanso n'chiyani? Tikadye!"

"Khalani pansi, a Jere, simunapatsidwe mpata."

Ndinatembenukira kwa mnzanga. "A Zulu, mukuti nyimboyi ndi yanu. Ngati ndi yanu, imirirani muitsogolere, amayiwa akulandireni."

Anaimirira, anamanga batani la jekete, n'kuyamba ndi mawu awo aakulu aja amene ankagwedeza malata. Koma asanamalize mzere woyamba amayi anali atalowa kale, monga a Nambewe anawaphunzitsira, wina kugwera pamene wina akudzuka, ngati misi iwiri mu mtondo umodzi. A Zulu anakweza dzanja.

"Dikirani ndimalize!"

Mayi wina wachikulire wa sopulano anati, "Ife sitidikira, aphunzitsi. Imatero."

Anayambiranso, atakunga nkhope. Mzere woyamba anaupirira, koma pa wachiwiri iwo anakwera m'mwamba monga imachitira nyimbo yawo, pamene amayi onse anatsikira pansi, kumene kumakhala mawu a a Nambewe, ndipo a Zulu anatsala okha kumwambako ngati tambala pa denga. Anthu anayamba kuseka. Ndinamenya tebulo, chifukwa m'nyumba ya Mulungu munthu wamkulu sasekedwa, ndipo kunangoti zii.

A Zulu anapukuta pamphumi. "Iyi si nyimbo yanga ayi. Aipotoza."

"Mwanena nokha," ndinatero.

Ndikanatha kulekera pomwepo, koma mlandu ukanatsala wophika mbali imodzi. Ndinawafunsa kuti nanga iwo kayambidwe kameneko anakatenga kuti. Anati anakapeka okha, ali pa njinga pochokera ku boma, ndipo ndikhulupirira kuti sankanama, umo ndi mmene iwo ankakumbukira. Tsono ine si woimba, mawu anga ali ngati gudumu la ngolo losathira mafuta, koma tsiku limenelo ndinaimirira pamaso pa anthu onse n'kuimba kanyimbo kamene Aphunzitsi Tembo ankatiimbitsa polowa m'kalasi ku Ludzi. A Tembo anali munthu wochokera kutsidya kwa malire, wa mbali ya Zambia, ndipo ankatiuza kuti kanyimboko ankaimba ndi amayi awo popalira. Kayambidwe kake kanali komweko. Ndili mkati moimba ndinaona phazi la a Zulu likugunda pansi lokha, mwini wake asakufuna.

Kenako a Zulu anati, "Koma a Tembo ng'oma sankaifuna n'komwe. Ng'oma ndinaikamo ndine. Mawu anayi ndinagawa ndine."

"Eya," ndinatero, "ndipo n'chifukwa chake palibe anakutchulanipo wakuba."

Mwamva, ana inu? Mayi wopalira uja anapatsa mwana wake, mwana wake anapatsa a Zulu, a Zulu anapatsa a Nambewe, koma mukanawaimika onse anayi pamzere simukanasokoneza ngakhale mmodzi. A Tembo ankaimba mowerenga ndi rula m'manja, a Zulu moguba, a Nambewe mosinja. Ndiye inu pitani ku Mkanda, musatumize mauthenga a pa foni, pitani ndi miyendo yanu. Kapempheni mwaulemu kuti mutsogolere nyimbo yawoyo. Mukakaitsogolera kuyambira poyamba mpaka pomaliza osapunthwa, mawu ake ali anu omwewo, bwererani kuno, ine ndidzakwera kabaza ndi mawondo anga owawawa kukaonana ndi bambo mfumu. Koma mukakasochera pakati, mukawapatse moni n'kubwerako. Ndipo pobwera m'njiramo mudzifunse kuti kagundidwe ka pa kiyibodi kamene mumanyadirako munayamba kukamva pa wailesi ya kuti. Musachite nazo manyazi, ana anga, ingotchulani amene anakupatsani, kenako muikepo zanu.

Chigamulo changa tsiku lija chinali chotere. Nyimbo ndi ya a Nambewe, idzaimbidwa pa masika, ndipo iwo sachoka m'kwaya. Koma isanayambe adzaimirire pamaso pa mpingo atchule amene anawaphunzitsa, ndipo a Zulu nawonso adzaimirire atchule wawo.

A Nambewe analandira pomwepo, akuomba m'manja ali chogwada. Amuna a m'bungwe analandira mitu ili pansi, ndipo pa chisankho chotsatira mpando uja anandilandadi, ine n'kuwanyamulira ndekha. A Jere sanalandire mpaka tsiku limene tinawaika m'manda. A Zulu anachoka njinga akuikankha, ndipo masabata otsatira akandiona panjira ankayang'ana ku chimanga.

Tsiku la masika a Nambewe anaimirira nati, "Ine anandiphunzitsa kuimba ndi Bambo Aloisio Zulu." Pa benchi ya kwaya malo a a Zulu anali opanda munthu. Ndinaona a Nambewe akukweza dzanja kuti ayambitse. Pamenepo kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo, kunamveka mawu aakulu aja.

"Taimani kaye, mayi! Ine anandiphunzitsa ndi malemu Aphunzitsi Tembo, iwonso anaphunzira kwa amayi awo."

Anayenda pakati pa madengu ndi nkhuku, anachotsa jekete, anakhalira ng'oma, n'kuuza amayi a sopulano kuti, "Lowani pamene mumalowa paja, ine ndikupezani." A Zulu analandira.