Matailosi a agogo Kashiwagi

Ine, Hayato Tsujimura, wa zaka 22, wokhala ku Sumoto pa chilumba cha Awaji, dalaivala wa lole pa kampani ya a Numata yogwetsa nyumba zakale, ndikunena izi. Sukulu ndinalekezera panjira, ndiye mukaona nkhani ikukhota, mwina vuto ndi limenelo.

Lachinayi m'mawa tinkagwetsa nyumba ya banja la a Doi. Tinayamba ndi kutsitsa matailosi adothi a padenga, n'kudzaza lole yanga. Chaka chonsechi a Numata akhala akutiuza kuti zinthu zasintha: amene anapanga chinthu ndi amene azichilandira chikatha ntchito, akachiphwanye n'kupangira china. Magalasi ali ndi kwawo, mabolodi a m'makoma ali ndi kwawo. Cha m'ma 9 koloko ndinawafunsa za matailosiwo. Anali pa foni, anangoti, "Bweza kwa eni ake, iwe, usandisokose."

Ndinapita ku bwalo la kudoko kumene gulu la opanga matailosi limalandirira akale. Bambo wa pageti, dzina lake sindinafunse, anatembenuza tailosi imodzi n'kuyang'ana chidindo cha kunsi. Anati, "Awa si a gulu lathu. Amene ali pachidindopa ndiye awalandire." Ndinafunsa kuti ameneyo ndani. Anati, "Kuwerenga sudziwa?" Ndinayankha kuti ndimadziwa bola zilembo zikhale zikuluzikulu. Panalembedwa Kashiwagi.

Ndinaimbira a Numata koma sanayankhe. Akakwera chimakina chogumulira samva foni, samvanso munthu. Ndinaima pa kanyumba kodyera m'mbali mwa msewu, ndinadya, n'kuwaonetsa mayi wophika tailosi ija. Anati uvuni wootchera matailosi wa a Kashiwagi uli kuseri kwa phiri, makilomita ngati khumi ndi asanu. Sanandiuze kuti unazima ine ndisanabadwe. Inenso sindinafunse.

Ndinafika cha m'ma 12 koloko. Panalibe fakitale. Panali nyumba, bwalo lalikulu la miyala, munda wa anyezi ndi uvuni womera udzu pamwamba. M'mundamo munali agogo aamuna, amene tsopano ndikudziwa kuti ndi a Genzaburo Kashiwagi. Ndinawalonjera, ndinati, "Agogo, ndabwera ndi katundu wanu, koma ngati ndasochera mundiuze msanga." Anatenga tailosi imodzi n'kuigogoda ndi kumbuyo kwa chikwakwa. Inalira ngati belu. Anagogodanso ina.

Anati, "Ndi anga awa. Tinaotcha ine ndi bambo anga. Achoka kuti?"

Ndinati pa nyumba ya a Doi.

"Yagwa?"

"Taigwetsa, agogo."

Anasisita tailosiyo ndi chala. Kenako anati, "Ndiye abwerera kwawo. Tsitsa."

Ndinafunsa ngati akudziwa kuti ndi lole yodzaza, osati ndowa. Anati, "Mwana iwe, umayankhula kwambiri ngati wailesi." Nditafuna kupendeketsa lole kuti matailosi atayike okha, agogo anamenya chitseko ndi dzanja n'kunena kuti si miyala imeneyo. Tinatsitsa pamanja, ine ndikupatsira, iwo akusanja pabwalo paja, abwino uku, osweka uko. Anandipatsa tiyi wozizira ndi thumba la anyezi. Anyeziwo ndinalandira, sindikana.

Cha m'ma 4 koloko panafika galimoto yoyera. Munatuluka mayi Sonoe Kashiwagi, mpongozi wa agogowo. Mawu awo oyamba anali akuti, "Ndani wataya zinyalala pano?" Ndinayang'ana kumbuyo kwanga, kunalibe munthu. Ndinawafotokozera zoti wopanga azilandira zake. Anati bwalolo linalembedwa kale m'dzina la amuna awo, ndipo mwezi wamawa anthu ayamba kuimikapo magalimoto. Agogo anati, "Si zinyalala, Sonoe, ndi ntchito yanga." Mayiwo anati, "Bambo, lowani m'nyumba, chonde." Agogo sanalowe. Anakhala pamwamba pa mulu. Mayiwo anaimbira apolisi.

Wapolisi amene anabwera anandifunsa kuti anandituma ndani. Ndinati a Numata anati kwa eni ake, wa pageti anati kwa wa pachidindo, wa pachidindo anati tsitsa. Anandiuza kuti ndibwereze. Ndinabwereza. Anaimbira a Numata, ndipo ulendo uno anayankha. Ndinamva mawu awo ine ndili patali: "Ndinati kudoko, chitsiru iwe!" Ndinati kudoko anakana. Anati ndikanaima pomwepo. Mpaka liti, sananene.

Wapolisiyo anati kutaya zinyalala za nyumba pamalo a munthu ndi mlandu waukulu, koma ndikachotsa matailosiwo mawa lake nkhani ingapepuke. A Numata anati akanditsegulira mlandu, ntchito yatha, makiyi a lole ndibweze. Kwathu amene amagwira ntchito ndi ine ndekha.

Lero Lachisanu ndinafika kumeneko cha m'ma 8 koloko m'mawa. Ndinapeza agogo atasanja kale matailosi ena m'mphepete mwa munda wa anyezi, otchinga dothi kuti lisakokoloke. Ena anali atawatsuka. Mayi Sonoe anaima pakhonde, anati, "Kweza onse." Nditanyamula awiri, agogo anagwira malaya anga n'kufuula, "Wakuba! Wakuba!" Ndinawabweza pansi. Mayiwo anati, "Watayanso!" Ndinawanyamulanso. Ndinaima nawo m'manja mphindi zingapo, osakweza, osatsitsa. Oyandikana nawo anatuluka kudzaonerera, wina anandijambula.

Kenako agogo anati ndiwatengere kupolisi akadandaule zoti ndikuwabera. Ndinafunsa ngati akufuna kuti wakuba yemweyo awanyamule. Anati basi imachedwa. Ndinabwera nawo pa lole. M'njira anandiuza kuti ndimayendetsa bwino koma ndichepetse pakamwa.

Panopa agogowo ali panja pa benchi, akudikira kuti ine ndimalize alowe. Anena kuti pa mlandu wotaya andiikira umboni woti anandiuza okha kuti nditsitse, koma pa mlandu wakuba sandikhululukira. Matailosi awiri aja ali m'lole pampando. Sindikudziwa ngati ndawaba kapena ndikuwachotsa. Ena onse akadali kwa agogo kuja.

Ndikupempha a polisi kuti agogo asanalowe mundiuze mlandu wocheperapo pa iwiriyi, kuti ndidziwe woti ndipalamule masana ano.

Zimene ndikudziwa ndi zomwezi, ndipo andiwerengera ndavomera kuti ndi mawu anga.

Wosaina: Hayato Tsujimura ____________________