Kabotolo ka Pansi pa Mtsuko

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, moni m'dzina la Yesu. Ndikufuna kuchitira umboni. Mundipirire. Ine ndinazolowera kuuza kope langa zakukhosi, osati anthu. Koma lero ndiyankhula.

Mukukumbuka tsiku limene anandinyamula pa ngolo kuno ku Chiosya, mimba itatupa. Matumbo anali atabooka. Ku Lilongwe anandichita opaleshoni. Potuluka, adokotala anandipatsa mankhwala opha tizilombo toipa, n'kuwonjezerapo kabotolo ka makapisozi. Anati, "Umu muli tizilombo tabwino, tamoyo. Tikadzaza m'matumbo mwako, toipa timasowa malo. Tingathandize kuti bala lisachite mafinya. Koma pamalo otentha timafa."

Kwathu kulibe furiji. Kabotoloko ndinakakulunga mujumbo, n'kukaika pamchenga wonyowa, pansi pa mtsuko wa madzi.

Amalume, eni mbumba, atamva, anabwera ndi chikho cha mizu yotsegula m'mimba. Anati, "Munthu wong'ambidwa timamutsuka m'mimba kuti zoipa zituluke. Iwe ukumeza zamoyo? Taya zimenezo, imwa izi!"

Amayi anangowerama. Abale anga, chibadwire ine sindinayankhepo munthu wamkulu. Ndinagwada, ndinalandira chikho ndi manja awiri, n'kuchiika pansi. Ndinati, "Amalume, matumbowa ndi osoka. Mukawatsuka ulusi n'kuduka, mudzandikwezanso ngolo, mwina osabwerako. Sindimwa."

"Wati chiyani?"

"Sindimwa."

Ananditcha wamwano, ndipo anasiya kuponda pakhomo pathu. Ena mwa inu munamva, munapukusa mitu, ndinakuonani. Ndinalira, inde ndinalira. Koma m'mawa uliwonse ndinkasuntha mtsuko uja n'kumeza kapisozi wanga, mpaka kabotolo kanatha.

Taonani lero! Bala linauma, mafinya sanabwere. Ndabwerera kusukulu, ndipo mayeso a Fomu 2 ndilemba. Sindikunena kuti ndi tizilomboto tokha, ayi, mankhwala onse anathandizana. Koma Mulungu amene analenga tinthu tosaoneka ndi maso n'kutipatsa ntchito, ndi yemweyo anatsegula pakamwa pa mwana wamanyazi ngati ine.

Amalume ali kumbuyo uko. Moni wanga sanayankhebe, komabe abwera. Amalume, ndikadali mwana wanu, ndipo ndimakulemekezani. Koma chikho chija, ngakhale lero, sindingamwe.

Zikomo Ambuye! Amayi, imbani nthungululu, kondwerani nane, pakuti ndaima pano ndi miyendo yanga. Aleluya!