Mayi Ermelinda ndi Anthu a Pakhonde la Sitolo

Malemu mayi Ermelinda Faustino anabadwa pa 9 Maio 1929 ku Mongue. Anaphunzira kumishoni mpaka kalasi yachitatu, pomwe bambo awo anaona kuti mwana wamkazi wadziwa zokwanira. Mu 1948 anakwatiwa ndi bambo Simão, amene ankagwira ntchito m'minda ya tiyi kuno ku Milange. Bambowo anatisiya mu 1974.

Mu 1976, eni munda wina wa tiyi atachoka, antchito ochokera kutali anasowa ntchito ndi pogona pomwe. Anayamba kukhala pakhonde la sitolo yotsekedwa pafupi ndi malire, masana n'kumasenza katundu wa anthu opita ku Muloza. Chakudya chawo chinali makaka a chinangwa ndi mizimbe basi. Malemu, amene ankagulitsa ndiwo pamsika, anaona kuti miyendo ya anthuwo yayamba kutupa. Sanawafunse za kwawo. Anangoyamba kuwaphikira kamodzi patsiku: nandolo, chigwada chotendera, mbatata, ndi matemba akapezeka. Lamulo lawo linali limodzi, loti munthu adyere pomwepo iwo akuona, chifukwa chakudya chonyamula chinkasanduka fodya panjira.

Mu 1983, anthu opanda chikalata cha ntchito atayamba kugwidwa n'kutumizidwa kutali, malemu anakalembetsa anthu khumi ndi anayi a pakhondewo ngati antchito a m'munda mwawo. Amene mumaudziwa mundawo mukudziwa kuti anthu khumi ndi anayi atalowamo pamodzi ndi makasu akanatemana mapazi. Komabe ankapita mosinthana, ndipo analimadi. Awiri anagwidwabe ali pamsewu. Malemu sanasiye kutchula mayina awo popemphera.

Mu Abril chaka chino anayamba kudwala chifuwa. Tinapita nawo kuchipatala kawiri koma sizinathandize. Ali chigonere anatiitana, n'kupempha kuti mundawo ukhale wa anthu a pakhonde, ndipo a Cipriano, mmodzi mwa iwo amene malemu anawaphunzitsa kuphika, aziuyang'anira. Sitibisa pamaso panu: chaka chino n'cha njala, munda ndi womwewo, ndipo ife a pabanja tinakangana kwa miyezi itatu. Anamwalira pa 12 Agosto 1985 tisanawayankhe.

Mayi athu, yankho lanu nali, ngakhale lachedwa. Tavomera. A Cipriano, nandolo wakhwima, kakololeni.

Malemu asiya ana anayi, adzukulu asanu ndi anayi, mchimwene wawo a Augusto, komanso anthu khumi ndi awiri amene ankadya m'manja mwawo. Tikuthokoza a mpingo, amayi a pamsika amene mwasonkha ndiwo, ndi abale athu a pakhonde amene mwakumba manda osadikira kupemphedwa.

Mayi Ermelinda, mwagwira ntchito yanu. Mzimu wanu uuse mumtendere.