Ndani Adzaime Pakhomo Panga?

Aulutsi, ndiwerengereni nkhaniyi, koma dzina langa musatchule. Anthu a m'mudzi muno sindiwakhulupirira.

Ndili mtsikana ku Msakambewa, mwana wina anamwalira mwadzidzidzi, anthu n'kumati wamulodza ndi nkhalamba ina yamasiye. Nkhalambayo inathawira m'nyumba mwa agogo anga, gulu likuilondola miyala ili m'manja. Ine ndinabisala kuseri kwa chitseko. Agogo anavala bulauzi yawo yoyera ya kutchalitchi n'kuima pakhomo.

"Tulutsani mfitiyo, agogo!" anakuwa mnyamata wina.

"Iwe, pokabatizidwa anakubereka kumbuyo ndine," anatero agogo. "Ponya mwalawo, uyambire ine."

Mnyamatayo anataya mwala pansi, anthu n'kuyamba kubalalika.

Lero nkhalamba yamasiye ndine. Mwana wa pakhomo loyandikana ndi langa akudwala, ndipo dzulo nditafika kumjigo amayi onse anangoti zii. Palibe amene anandipatsa moni. Agogo ankati Mulungu sagona, ndipo ndimakhulupirira. Koma bulauzi ija ili m'sutikesi, eni ake anapita kalekale. Omvera anzanga, akabwera ndi miyala, ndani adzaime pakhomo panga?